Matiresi a Inshuwalansi

Pulani inabadwira pa tebulo lopendekeka la kuseri kwa bala, masana dzuwa likuswa mtengo, pamene anthu okhala ndi ntchito anali ku ntchito zawo. Bambo wake wa pulaniyo anali Loya. Musaganize kuti munthuyu anaphunzira zamalamulo, ayi. Dzinali anamupatsa chifukwa anali atalowa m'khoti kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse ankaima mbali imene maloya saimako.

"Magaye, tcherani khutu," anatero Loya akukankha mabotolo kuti apeze poika zigongono. "Ndapeza dilu yoti ngakhale kumwamba sangailembe ngati tchimo."

Omvera ake anali awiri. Woyamba anali Sipanala, amene ananyamulirako pulambala wina chikwama cha zida kwa nyengo yochepa, mpaka tsiku limene chikwamacho chinasowa pamodzi ndi wonyamula wake. Kuyambira pamenepo ankadzitcha katswiri wa mapaipi, makoma ndi china chilichonse chogogodwa ndi hamala. Wachiwiri anali Bwinobwino, dalaivala wa kalole kobwereka, munthu wamantha amene pa nkhani iliyonse ankapereka maganizo amodzimodzi: "Koma bwinobwino, magaye."

"Dilu yopanda tchimo ndiye iti, bigi?" anafunsa Sipanala.

"Shopu ya achemwali."

Onse awiri anatsitsa mabotolo. Achemwali ake a Loya ankawadziwa. Ndi iwo amene analera Loyayo makolo atamwalira, namulipirira sukulu imene iye ankaithawa, namuombola kupolisi mpaka apolisi anayamba kuwapatsa moni ngati mnzawo wa ntchito. Amuna awo atatisiya, anatenga kangachepe kamene kanatsala ndi kuchita lendi chipinda m'nyumba yaikulu ya mashopu, n'kuyamba kugulitsa matiresi. Shopu imeneyo ndiyo inkadyetsa ana awo, ndipo kunena zoona inkadyetsanso Loya yemweyo.

"Aise, abale ako enieni?" anatero Bwinobwino. "Koma bwinobwino."

"Ndiye umbuli umene ndimakana uwu," anayankha Loya. "Tamvani. Dzana ndinali kwawo, ndiye ndinawamva akudandaula. Akuti landilodi wawo sapereka kiyi kwa munthu amene sanadule inshuwalansi ya katundu. Akuti mwezi ndi mwezi akungothira ndalama m'dzenje. Mwamva mawuwo? Ya ka-tu-ndu. Ndiye katundu wa m'shopu ya matiresi ndi chiyani?"

"Matiresi," anayankha Sipanala, wonyadira kuti wakhoza funso.

"Basi! Ife tikatenga matiresi, a inshuwalansi awagulira achemwali atsopano. Ife tagulitsa athu, iwo ali ndi awo. Walira ndani? Kampani. Kodi kampani unaionapo nkhope yake iwe? Ili ndi ana? Ndiye kuba kumeneko? Uku n'kuthandiza mayi wamasiye kuti adyeko ndalama zake zomwe."

Mowa ukafika pamlingo wina, nzeru zotere zimaoneka zowala kwambiri. Loya anatulutsa m'thumba kiyi womangidwa kansalu kofiira, amene anamutola m'kabati ya achemwali ake tsiku limene anapita kukadya kwaulere monga mwa masiku onse.

"Ndiye zaphweka," anatero Sipanala. "Titsegula, tinyamula, tizipita."

Loya anapukusa mutu momumvera chisoni.

"N'chifukwa chake iwe umagwira hamala, ine ndimagwira mutu. A inshuwalansi salipira ngati wakuba walowera pakhomo ngati mlendo. Amafuna aone pothyoledwa. Tiboola khoma lakumbuyo."

"Tikakhala panja tikugogoda, anthu sationa?"

"Ndani wati tiboolera panja? Tilowa ndi kiyi, n'kuboolera m'kati."

Choncho anagwirizana zolowa pakhomo kuti akaboole polowera. Anawombanitsa mabotolo, ndipo Bwinobwino ananena mawu ake aja, koma palibe anawamva.

Lamulungu masana, mashopu onse atatseka, kalole kanafika pageti kakutsokomola utsi. Atatuwo anali atavala maovolosi obwereka. Ya Loya inalekeza m'maondo, ya Sipanala inkakolopa pansi. Mlonda wa nyumbayo, bambo wachikulire wokonda kucheza, anadzuka pa mpando wake.

"Madala, ndife amisiri," anatero Loya akugwedeza kiyi uja m'mwamba. "Atituma amayi a matiresi, pali kantchito ka khoma."

"Ooh, fikani, fikani! Kugwira ntchito Lamulungu? Anyamata olimbikira ngati inu akusowa masiku ano."

Anawatsegulira geti, nawalozera poimika kalole, ndipo ataona kahamala ka Sipanala anachita manyazi m'malo mwake, napita kukawatengera chihamala chake chachikulu m'kachipinda kosungira zida. Loya anatsinzinira anzake diso. Zinthu zinkayenda ngati zathiridwa mafuta.

M'shopumo matiresi anali atasanjidwa mpaka kudenga, aliwonse atakutidwa m'pulasitiki yonyezimira. Pakona panali katebulo ka achemwali, kapu yawo ya tiyi ndi chithunzi cha ana awo. Loya anatembenuza chithunzicho kuti chiyang'ane kukhoma.

"Choyamba, chotsani mapulasitiki onse," analamula.

"Chifukwa?"

"Simukuona kuti alembedwa dzina la shopu? Mukufuna tikagulitse umboni? Ganizani, magaye, ganizani!"

Anang'amba mapulasitiki onse, wina ndi wina, mpaka matiresi onse anatsala osavala. Thukuta linali kamukamu. Bwinobwino anagona pa amodzi kuti ayese ngati ali abwino, ndipo akanapanda kumupondaponda akanayamba kuliza mkonono.

Tsopano inafika nthawi ya katswiri. Sipanala anayenda m'mbali mwa khoma lakumbuyo akugogoda ndi chala, khutu ataligunditsa pa penti, nkhope ataikwinya ngati dokotala. Anagogoda apa, napukusa mutu. Anagogoda apo, napukusanso mutu. Kenaka nkhope yake inawala.

"Apa! Mwamva kulira kwake? M'katimu mulibe kanthu. Apa n'pofewa, hamala ziwiri zokha tatulukira."

Sananame kuti m'katimo munali mphako. Chimene sanadzifunse n'chakuti omanga nyumba anasiyiranji mphako m'khoma. Anakweza chihamala cha mlonda chija. Gu! Pulasitala anagwa. Gu! Njerwa inasweka. Kachitatu hamala inalira mosiyana, ngwee, ndipo paipi yaikulu yotsika kuchokera ku thanki ya padenga inamupatsa moni wa kumaso. Phwaa!

"Mayo!" anakuwa Sipanala ali chagada.

"Tseka! Tseka!" anakuwa Loya.

"Nditseke ndi chiyani?"

"Ndiwe pulambala iwe!"

"Ine ndinkanyamula chikwama!"

Anayesa chala, madzi anachikankha. Anayesa chipewa cha Bwinobwino, chinauluka n'kukagwera pa kapu ya tiyi. Ndiye Loya, mwini nzeru, anagwira matiresi amodzi n'kuwakanikiza pabowopo. Matiresiwo anamwa madzi mpaka kukhuta, n'kuyamba kulavula. Anabweretsa ena. Nawonso anamwa. Madzi anayenda pansi, nalowa mu mulu wonse uja kuchokera kunsi, ndipo matiresi opanda pulasitiki amamwa madzi kuposa mmene atatuwo ankamwera mowa.

"Siyani khoma, tinyamule katundu tizipita!" anatero Loya.

Anagwira amodzi atatu onse. Matiresi amene mwana akanatha kuwasenza pamutu tsopano ankalemera ngati ng'ombe yakufa. Anawakoka mpaka pakhomo, napumira m'mwamba. Pamenepo n'kuti madzi atadutsa kale pansi pa khoma logawa zipinda n'kulowa m'shopu yoyandikana nayo. Woyandikana nayeyo ankagulitsa simenti.

Mlonda anasuzumira pakhomo, madzi akumunyambita nsapato.

"Eee, ana anga, zavuta? Musadandaule. Potsekera madzi pali m'chipinda chokiya, kiyi amasunga bwana okha. Ndawaimbira kale, ali m'njira."

"Mwawaimbira ndani?"

"Eni nyumba. Ndawauza kuti amisiri a amayi aja akufuna thandizo."

Bwinobwino sanayembekeze kumva zambiri. Anathamangira ku kalole, koma kalole kobwereka kali ndi khalidwe lake: sikalira popanda kukankhidwa. Ali pakati pochonderera injini, galimoto ya landilodi inalowa n'kuima pageti penipeni, mphuno yake itagunda kumbuyo kwa kaloleko.

Landilodiyu anali munthu wodziwa msomali uliwonse wokhomedwa pa makoma ake. Anathamanga kukatseka madzi, nabwerera, naima pakhomo la shopu akuyang'ana chibowo chija ngati achiboola pamimba pake. M'chipindamo munangotsala phokoso la madontho. Loya, amene anali atabwerera kukatseka bowo lija, anali akadakumbatira matiresi pakhoma, posadziwa kuti awasiye bwanji mwaulemu.

"Wakutumani ndani?" anafunsa landilodi.

"Amayi a matiresi, bwana," anayankha mlonda mwansangala, pofuna kuthandiza. "Abwera ndi kiyi wawo."

Landilodi anaimba mafoni awiri.

Oyamba kufika anali achemwali, mpango uli pambali, kuphazi atavala masilipasi osiyana. Analowa m'madzi osawaona n'komwe. Anayang'ana matiresi awo, amene ankawapukuta fumbi m'mawa uliwonse, ali lambalamba ngati zovala zoiwalika pamvula. Anayang'ana mulu wa mapulasitiki ong'ambidwa. Anayang'ana kiyi wa kansalu kofiira akulendewera pachitseko. Pomaliza anayang'ana mmisiri wa ovolosi yolekeza m'maondo, ndipo mmisiriyo anayang'ana kudenga. Anangopita pakatebulo paja n'kutembenuza chithunzi cha ana awo.

Wachiwiri anali bambo wa inshuwalansi, amene ofesi yake inali pamwamba m'nyumba yomweyo. Loya ankati kampani ilibe nkhope, koma inafika ili ndi nkhope yozungulira, yomwetulira, ndi magambutsi amene inkayenda nawo m'galimoto podziwa mtundu wa makasitomala ake.

"Pepani nonse, pepani kwambiri," anatero akuyenda m'madzimo ngati woyendera munda. Anasuzumira m'bowo, nasuzumira pawindo la shopu ya simenti, naimba kamluzu. "Ndiye mayi, ndingofunsa kamodzi. Amisiriwa ndi anu?"

Bamboyo anapitiriza osadikira yankho.

"Ndikufunsa chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ngati munawatuma ndinu kudzaswa khoma popanda chilolezo cha eni nyumba, mwaphwanya pangano la lendi ndi manja anu. Zoterozo kampani siilowererapo. Khoma, paipi, simenti ya mnzanuyo, zonse zili pamutu panu."

"Ndipo mawa mutuluke m'nyumba mwanga," anawonjezera landilodi. "Ndinakuuzani tsiku loyamba: ngakhale msomali, mundifunse. Inu mwabweretsa chihamala!"

"Chihamalacho n'changa, bwana," anatero mlonda.

Ine wosimba nkhaniyi ndaseka anthuwa kuyambira ku bala, koma apa pokha sindiseka. Mayi uja madzi anali atamufika m'khosi, ndipo sindikunena a paipi aja. Akati ndi akuba, mwana amene anamulera yekha apita kundende. Akati ndi amisiri ake, shopu yapita, ndipo ana ake adya mphepo. Ndinamumvera chisoni, chifukwa aliyense womudziwa akanakuuzani kumene mtima wake unkapendekera. Anali ataombola mlongo wakeyo moyo wake wonse, ndipo chizolowezi sichitha tsiku limodzi. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, natsegula pakamwa.

"Anthuwa ndi a..."

"Imani kaye!"

Anali Loya. Anasiya matiresi aja kugwa, thapwi, nabwera pakati pa chipinda madzi akuchucha m'ovolosi. Zimene ankamva zinkamupweteka mutu. Pulani yake yokongola inkaonongeka chifukwa cha anthu osadziwa malamulo. Akalemba kuti amisiri, ndiye kuti palibe kuba, ndipo popanda kuba matiresi atsopano achokera kuti?

"Bwana wa inshuwalansi, musasokoneze nkhani. Amisiri ake ati? Mmisiri amaboola khoma chonchi? Tayang'anani bwinobwino!"

"Ndiye mawu anga amenewo," ananong'ona Bwinobwino.

"Ife ndife mbava!" anapitiriza Loya akudziguguda pachifuwa. "Mbava zenizeni! Mayiwa sanatitume. Kiyi ndinaba ndekha m'kabati mwawo, iwo akundiphikira. Bowo ilo ndi polowera akuba, kungoti sitinamalize. Lembani kuti kuba. Ku-ba!"

Sipanala anamukoka ovolosi. "Bigi, bigi, mukutani?"

"Khala chete iwe, ndikukonza zimene waononga."

Bambo wa inshuwalansi anamwetulira mpaka mano onse kuoneka.

"Achimwene, zikomo. Pa ntchito yanga yonse sindinakumanepo ndi wakuba wothandiza chonchi. Mwanena pamaso pa mboni kuti mayiwa sanakutumeni?"

"Ndanena, ndipo ndibwerezanso kulikonse."

"Mudzabwereza ndithu. Ndiye mayi, mtima pansi. Pangano simunaphwanye. Zoonongeka m'chipinda chimene mukuchita lendi eni nyumba akanakulipiritsani inu, koma n'chifukwa chake munadula inshuwalansi. Kampani ikonza katundu yense."

Loya anatembenukira anzake, chifuwa chili patsogolo. "Mwamva? Katundu yense! Ndinakuuzani chiyani? Achemwali, musalire, matiresi atsopano akubwera."

"Matiresi?" anafunsa bambo uja.

"Eya, katundu."

"Katundu wa ndani?"

Funsoli linagwa m'chipindamo ngati njerwa ina.

"Inshuwalansi imene eni nyumba amakakamiza alendi awo ndi ya katundu wa eni nyumba," anafotokoza bamboyo mokoma mtima, ngati akuphunzitsa mwana kumanga zingwe za nsapato. "Khoma ili. Paipi iyo. Penti, chitseko, matailosi. Kuonjezerapo za woyandikana naye ngati zaonongeka kuchokera m'chipinda chino, monga simenti ija, imene pofika mawa ikhala mwala. Koma malonda a mwini shopu ali ndi inshuwalansi yakeyake. Ndinawauza mayiwa kuti adulenso imeneyo."

"Ndinalibe ndalama zake," anatero achemwali motsitsa mawu, akuyang'ana Loya. "Mwezi umenewo ndinali nditakuombola iwe."

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, Loya analibe mfundo.

"Katsala kamodzi," anatero wa inshuwalansi. "Kampani siilipira popanda lipoti la apolisi, ndipo wodandaula ayenera kukhala mwini shopu. Ikamaliza kulipira, kampani imatsatira amene anaononga kuti abweze. Ndiye achimwene, ine ndi inu tidziwana bwino." Anamugwira chanza mwaulemu.

Loya anayandikira achemwali ake, mawu atasanduka a kamwana.

"Achemwali, tingokambirana pachibale. Ine ndimafuna kukuthandizani. Mukudziwa kuti ndine wanu."

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Mkwiyo unalipo, chikondi chinalipo, koma chachikulu chinali kutopa.

"Ndinatsala pang'ono kutaya shopu ya ana anga chifukwa cha iwe," anatero. "Mawu anali atafika kale pamlomo. Wandipulumutsa ndi kupusa kwako, osati ndi mtima wako."

Anatulutsa foni. Nambala ya apolisi sanachite kuifunsa kwa munthu, anali nayo kalekale. Kusiyana kwake kunali kwakuti ulendo uno ankaimba kuti abwere adzatenge, osati kufunsa kuti atulutsa liti.

Apolisi atafika sanavutike. Mbava zinali zitanyowa, zitatopa, zitaulula kale, ndipo galimoto yothawira inali itatsekeredwa. Anachita kupempha atatuwo kuti akankhe kalole kawo komwe kuchoka panjira. Mlonda anawatsanzika pageti ndi mtima wosweka.

"Ndiye chihamala chija mundibwezera liti?"

Landilodi anapeza khoma latsopano, paipi yatsopano ndi penti yonyezimira kuposa yakale, moti anayamba kupatsa moni alendi ake akumwetulira. Wa simenti anapeza matumba atsopano. Achemwali anatsala ndi shopu yawo, youma bwino, yokongola, yopanda kanthu. Anayanika matiresi padenga la nyumbayo, ndipo amene anauma anawagulitsa motchipa kwa anthu osamva fungo. Anayambiranso pang'onopang'ono, ndipo ulendo uno anadula inshuwalansi zonse ziwiri, popeza panalibenso munthu woti iwo azimuombola.

Ali m'chitokosi kudikira mlandu, Loya anapezanso mawu ake. Ankauza aliyense womvera kuti iye ndi amene anapulumutsa shopu ya achemwali ake ndi luso la zamalamulo, ndipo zowawa zake n'zakuti sankanama kwenikweni. Chimene chinkamusautsa chinali simenti yozizira yogonapo. Anatumiza uthenga kwa achemwali kuti nthiti zikuphwanya, amuganizireko mwana wa mayi awo.

Achemwali anamuganiziradi. Anafika atasenza matiresi amodzi, aja anali pansi penipeni pa mulu, amene anakana kuuma ngakhale dzuwa linayesetsa. Anali atamera nkhungu yobiriwira m'mbali, ndipo fungo lake linafika kwa wapolisi wa pakauntala iwo asanalowe.

Loya anawagwira ndi chala, madzi n'kutuluka.

"Achemwali, koma awa ndi onyowa."

"Ndi katundu amene unabwerera uja," anayankha mayiyo akukonza mpango wake. "Tenga. Ameneyu yekha ndi wako, ndipo alibe inshuwalansi."